Mwezi Wopanda Mowa Umayambira M'nkhokwe ya Mlimi

Chaka chilichonse, madyerero a Khirisimasi ndi a chaka chatsopano akangotha, pamamveka anthu akulumbira kuti Januwale yense sadzakhudza botolo. Mwambo umenewu si wa kuno. Unayambira ku Britain m'chaka cha 2013, pamene bungwe lotchedwa Alcohol Concern linapempha anthu kuti ayese kukhala masiku 31 osalawa mowa, n'kuutcha Dry January. Masiku ano mafoni aufikitsa mpaka ku Lusaka, ndipo pamodzi nawo pamabwera malangizo a zakudya: akuti wosiya mowa azisunga ma almond, ma walnut ndi mphesa zouma za m'mapaketi, zoti azitafuna chilakolako chikamugwira. Malangizowo si oipa. Kungoti analembedwera munthu wokankha ngolo m'masitolo a ku Manda Hill, osati wokankha wilibala pa msika wa Soweto, amene madzulo amabwerera ku Kanyama ndi ndalama yongokwanira pamela ndi kamulu ka repu.

Ife amene timaphunzitsa ulimi pano tikuti nkhani imeneyi ndi yathu, ndiponso ndi yanu inu ophunzira ndi inu amene munatsiriza kale n'kubwerera kuminda yanu. Chimene munthu wa ku Matero, Chawama kapena George angatafune m'malo mwa kumwa sichichokera kutsidya kwa nyanja. Chimamera m'mizere yathu ndi m'thengo lathu. Koma chakudya chimenecho sichingafike m'dzanja lake mu Januwale ngati mlimi sanachipatule mu Juni, ndipo sichingamuthandize ngati mlimiyo anachikolola mosasamala. Pa mfundo yachiwiriyi ndi pamene tikhalitsepo, pakuti m'pamene pali ngozi imene ambiri saiona.

Tiyambe ndi mowawo, monga mmene uliri m'makomboni. Pali Chibuku wa m'mabala, pali kachasu wotchezedwa kuseri kwa nyumba, ndipo pali timabotolo ta mowa waukali timene achinyamata amati junta. Boma layesapo mbali yake. Lamulo la malaisensi a mowa la 2011 limaletsa kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18. Mu 2012 Pulofesa Nkandu Luo, amene panthawiyo anali nduna ya maboma aang'ono, analetsa tujilijili, timapaketi tija timene mwana wa sukulu ankatha kubisa m'thumba la kabudula. Timapaketito tinasowa, koma mowa wake unangosintha chovala n'kubwerera m'timabotolo. Sitikunyoza lamulo ayi. Likanapanda kukhalapo zinthu zikanaipa koposa. Tikungoti lamulo limadziwa kulanda chinthu m'dzanja la munthu, koma silidziwa kuikamo china.

Ndipo dzanja lopanda kanthu ndilo limabwezera munthu kushabini. Amene mwakhalapo m'komboni mukudziwa kuti nthawi yovuta ndi ya pakati pa kuweruka ndi kugona. Mwamuna wanyamula matumba tsiku lonse, kapena waitanira anthu m'minibasi kuyambira mbandakucha, ndipo chiyambire m'mawa wangolawa chitumbuwa chimodzi. Kunyumba ndi kachipinda kamodzi, nsima sinapse, ana akulira, magetsi azima. Kushabini kuli benchi, kuli wailesi, kuli anzake. Chibuku amakhutitsa ngati phala, ndipo kachasu amagonetsa njala kwa kanthawi. Ambiri amene timawatcha zidakwa anayamba ngati anthu anjala ndi otopa amene anasowa pokhala. Tsono munthu wotere akanena kuti mwezi uno sindimwa, funso loyamba si lakuti ali ndi mtima wolimba kapena ayi. Funso n'lakuti, dzuwa likapendeka adzakhala pati, ndipo m'kamwa mwake mudzakhala chiyani?

Tikudziwa kuti ena mwa abale athu mumpingo sakondwa ndi nkhani ya mwezi umodzi. Amati ife timaphunzitsa kudziletsa kotheratu, nanga bwanji tithandize munthu amene wanena poyera kuti pa 1 Febuluwale adzabwerera kubala? Chiphunzitso chathu sitikuchisintha. Ngakhale bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu Januwale 2023 kuti palibe muyezo wa mowa umene ungatchedwe wopanda ngozi. Koma tikumbuke kuti Danieli ndi anzake ku Babulo anapempha kuyesedwa masiku 10 okha ndi zakudya zomera m'nthaka ndi madzi, ndipo zotsatira zake ndi zimene zinawalankhulira. Munthu amene wamwa zaka 15 mawu oti "mpaka imfa" amamuopsa, koma masiku 31 amatha kuwawerenga pa kalendala. Ofufuza a pa yunivesite ya Sussex, motsogozedwa ndi Richard de Visser, anatsatira anthu amene anachita nawo mweziwu ku Britain, ndipo anapeza kuti patapita miyezi 6 ambiri anali akumwa mocheperapo kusiyana ndi kale. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Amene wadzuka mwezi wathunthu mutu usakuwawa, ndalama ya lendi ili m'thumba, wamva ulaliki umene ife sitikanatha kumulalikira.

Tisanapitirire, tinene chinthu chimodzi mosabisa, kuopa kuti wina angachoke pano n'kumakauza anthu kuti nshawa ndi mankhwala a uchidakwa. Si mankhwala. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, amene m'mawa manja amanjenjemera mpaka atalawako, akasiya mwadzidzidzi akhoza kudwala koopsa. Thukuta, kusanza ndi kusowa tulo zimayamba tsiku loyamba lomwelo. Ena amakomoka n'kumaphupha ngati a khunyu, ena pa tsiku lachitatu kapena lachinayi amayamba kuona zinthu zimene palibe, ndipo wosathandizidwa akhoza kufa. Wotereyu ayambire kuchipatala. Ku Kanyama, Matero ndi Chawama kuli zipatala, ku Kalingalinga, Mtendere ndi George kuli makiliniki, ndipo chipatala cha Chainama chimalandira odwala otere. Kapaketi ka nshawa n'ka munthu amene thupi lake latha kale nkhondo imeneyi, kapena amene sanafike pamenepo.

Kwa munthu ameneyo nshawa ndi chuma. Pa magalamu 100 a nshawa zosenda, pafupifupi magalamu 25 ndi zomanga thupi, ndipo pafupifupi theka ndi mafuta abwino. N'chifukwa chake kadzanja kamodzi kamakhalitsa m'mimba kuposa mabanzi awiri. Mulinso mavitamini a gulu la B, amene mowa umakokolola m'thupi. Womwa kwambiri amene chakudya chake ndi nsima yokhayokha ya ufa woyera amatha kugwidwa ndi pelagra, nthenda imene imadetsa ndi kusupula khungu la pakhosi ndi la kumanja, kutsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu. Vitamini amene amaiteteza, niacin, ali wochuluka mu nshawa. Nkhani ya mtima nayo ilipo. Mu 1992 Dr. Gary Fraser ndi anzake a pa yunivesite ya Loma Linda, atafufuza mamembala a mpingo wathu oposa 30,000 ku California, anapeza kuti amene ankadya mbewu za mtundu wa mtedza kawirikawiri pa mlungu ankadwala matenda a mtima mocheperapo kwambiri kusiyana ndi amene ankadya mwa apo ndi apo. Agogo athu a ku Chipata ndi Katete sanamvepo za Loma Linda, koma kankhokwe ka nshawa sikankasowa pakhomo.

Nshawa sizili zokha. Nthanga za maungu, zimene ambiri amataya pamodzi ndi matumbo a dzungu, zikatsukidwa, kuumitsidwa ndi kukazingidwa zimakoma ndipo zili ndi mchere wa m'thupi wochuluka. Pali mpendadzuwa, pali chitowe, pali nzama, pali soya wonyikidwa m'madzi usiku n'kukazingidwa mpaka kukhala khirichikhirichi. Pali chimanga cha chiwaya, ndi chinangwa chootcha chimene pa misewu ya Lusaka chimagulitsidwa kale ndi nshawa zokazinga. Kashu wa ku Mongu ndi wabwino zedi ndipo ndi wathu, koma mtengo wake ndi wa ku Kabulonga, choncho timusiye.

Zipatso zouma zimagwira ntchito ina. Ambiri osiya mowa amagwidwa ndi chilakolako cha zotsekemera, ndipo akapanda kusamala amangochoka pa botolo la mowa n'kupita pa botolo la zakumwa za shuga. Apa m'pamene thengo lathu linatikonzera kale. Masau a m'zigwa zotentha za Luangwa ndi Chirundu amapsa m'nyengo yachisanu ndipo amauma mosavuta. Malambe, amene ku Lusaka amatchedwa mabuyu, amauma okha m'chigoba ali pamtengo ndipo ali ndi vitamini C wambiri. Bwemba, amene m'misika ya m'tauni mudzamumva akutchedwa kawawasha, amasungika miyezi. Zitatuzi zili ndi khalidwe limodzi limene mphesa zouma za m'sitolo zilibe: sizimezedwa msanga. Munthu amamung'unya nthanga imodzi nthawi yaitali, kuwawasa kwake kumadzutsa malovu, ndipo mphindi zimene chilakolako chinali pachimake zimadutsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'chigwa cha Zambezi masau omwewo ndi amene amatchezedwa kukhala kachasu. Dengu limodzi lingathe kupita kumphika wa kachasu kapena pathandala loyanikira, ndipo kawirikawiri limapita kumene wogula wayamba kufika.

Tsono tafika pa vuto la kalendala. Amene anasankha Januwale ku Britain sankaganiza za munda. Kwa ife Januwale ndi mwezi wa gwang'wang'wa. Nshawa za chaka chatha zatha kapena zabzalidwa, zatsopano zili m'maluwa, ndipo zotsala pamsika zakwera mtengo, zina zafumbwa, zina zanyowa. Masau ndi malambe anatha kalekale. Mvula ili pakati, m'Kanyama madzi alowa m'nyumba chifukwa cha thanthwe la pansi limene silimwa madzi msanga, ndipo chilichonse chosungidwa pansi chimachita chuku. Kukanakhala kuti tikusankha tokha, ife a kumudzi tikanasankha Julayi kapena Ogasiti, pamene nshawa zili mbwee, dzuwa likuumitsa bwino, ndiponso pamene ndalama za zokolola zimathera kumowa. Koma kwa wa m'tauni Januwale ali ndi chifukwa chake: thumba lapepuka, eni nyumba akufuna lendi, ana akufuna yunifolomu ndi makope. Mtima wosiya umabwera pamene chakudya chothandiza kusiyako chasowa. Wogwirizanitsa ziwirizi ndi mlimi amene anasunga.

Chipatso chimodzi chokha ndicho chimachuluka pafupi ndi nyengoyi, ndicho mango. Kuyambira Novembala mpaka Januwale mango amaolera pansi pa mitengo ku Eastern Province, ndipo pa msika wa Soweto milu yosagulidwa imatayidwa. Kuwaumitsa n'kotheka, koma amene anayesapo mu Disembala akudziwa kuti mpweya wachinyezi suumitsa kanthu msanga. Nzeru ndi kuyamba ndi mango oyambirira, mvula isanakhazikike. Sankhani akupsa koma olimba, makamaka a mitundu yopanda ulusi wambiri monga Kent ndi Keitt. Akumudzi a ulusi amaumanso, koma amavuta kudula ndipo phindu lake n'lochepa. Tsukani, sendani, dulani mopyapyala osapitirira theka la sentimita, viikani pang'ono m'madzi a mandimu kuti asade, ndipo yalani pa neti yoyera, osati pa lata kapena pa saka. Choumitsira cha dzuwa chimene timamanga pano ndi matabwa, pulasitiki yoonekera ndi neti yotchinga ntchentche chimakwanira, malinga chikhale ndi polowera mpweya pansi ndi potulukira pamwamba. Pulasitiki yotsekedwa ponseponse imaphika zipatso m'malo moziumitsa. Za choumitsira cha magetsi tisadalire. Chaka cha 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba, chinatiphunzitsa zokwanira.

Mango ouma bwino amapindika ngati chikopa osatulutsa madzi akafinyidwa. Akazizira aikeni m'botolo kapena m'pulasitiki yomata, ndipo mukaona thukuta m'kati mwa botolo abwezereni padzuwa. Nthochi, papaya ndi chinanazi zimatsata njira yomweyo, ndipo zimenezi mukhoza kuumitsa mu Seputembala ndi Okutobala popanda kulimbana ndi mitambo. Chenjezo lake n'lakuti chipatso chikauma madzi ndi amene amachoka, shuga amatsala yense. Tizidutswa tochepa tili ndi shuga wa bango lathunthu. Wodwala shuga adye pang'ono, ndipo aliyense aziphatikiza ndi nshawa kuti kutsekemerako kusalowe m'magazi mothamanga.

Tibwerere ku nshawa, pakuti apa m'pamene pagona nkhani. Muli chuku china chokhala m'nthaka, chimene akatswiri amachitcha Aspergillus flavus. Chikalowa mu nshawa kapena m'chimanga chimasiya poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu alibe fungo limene mphuno ingadalire, ndipo moto wa pambaula sumupha. Mungakazinge, mungasinje, mungaphike, iye amakhalapobe. Chiwalo chimene amalunjika ndi chiwindi. Akalowa wambiri nthawi imodzi amapha m'masiku ochepa. Akamalowa pang'onopang'ono kwa zaka amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B, kamene kuno kwathu si kachilendo. Tsopano taganizani amene tikufuna kumugulitsa nshawazi. Ndi munthu amene chiwindi chake chakhala chikumenyana ndi kachasu kwa zaka, ndipo mwezi uno akuti chipumeko. Kumupatsa nshawa za chuku ndiko kumuchotsa m'kamwa mwa ng'ona n'kumuponya m'kamwa mwa mvuu, uku tikumuuza kuti ndi chakudya chopatsa thanzi.

Dziko lonse linamva dzina la aflatoxin mu Ogasiti 2024, pamene nduna ya zaumoyo a Elijah Muchima analengeza kuti agalu mazana angapo afa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga choipa, ndipo ufa wa zigayo zina unachotsedwa pamsika. Chinali chaka cha chilala chija chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, ndipo chilala ndicho chimatsegulira chuku khomo. Ufa wa zigayo zazikulu unayezedwa chifukwa uli ndi dzina pa thumba. Nshawa za pa kantemba palibe amaziyeza. Ndipo tonse tikudziwa mmene malonda amayendera: zazikulu ndi zosalala zimapita kwa ogula a makampani amene amasankha, pamene zofwapa, zosweka ndi zakuda zimatsika mtengo n'kulowera kumene kuli osauka. Kumeneko zimasinjidwa kukhala nthwilo kapena chimponde, momwe diso silingathenso kuzizindikira, n'kulowa m'ndiwo ndi m'phala la mwana. Palibe amachita zimenezi ndi mtima wakupha. Aliyense amangoti n'kutaya ndalama kutaya nshawa. Komabe zotsatira zake n'zakuti amene chiwindi chake chili chofooka kwambiri ndiye amadya zoipa kwambiri.

Nkhondo yolimbana ndi chuku imayambira m'munda, ndipo zambiri mwa izi munaziphunzira kale. Bzalani ndi mvula yoyamba yokhazikika, kuti nshawa zikhwime chinyezi chisanathe. Zikamakhwima m'nthaka youma ndi yotentha, makoko amang'aluka ndipo chuku chimalowa. Mizere yomangidwa ndi tizipupa topingasa imasunga madzi. Chiswe chikaboola makoko chimatsegula njira yomweyo. Mitundu ya kale ngati Chalimbana imakoma pokazinga koma imafuna nyengo yaitali, choncho kumene mvula imadukiza ganizirani mitundu ina imene a zaulimi a m'dera lanu angakulangizeni, kuphatikizapo ya ku Msekera monga MGV 4 ndi MGV 5. Palinso Aflasafe, mankhwala opangidwa ndi chuku chosaopsa chimene chimalanda malo a choopsacho, amene a IITA anakonza mogwirizana ndi a ZARI. Kumene akupezeka ndi oyenera kuwagwiritsa ntchito. Kumbani pa nthawi yake, khasu lisavulaze makoko. Musaumitse pa dothi. Sanjani mitolo makoko atayang'ana m'kati kapena m'mwamba pa thandala, mpweya uzidutsa, mpaka nshawa zizilira m'makoko mukagwedeza.

Chizolowezi chimodzi chimene tiyenera kuchida ndi chowaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, kapenanso kuti thumba lilemere pa sikelo. Madzi amenewo amadzutsa chuku chimene chinagona. Zosungira Januwale zikhale m'makoko mwake, m'masaka opuma, pamwamba pa matabwa, kutali ndi khoma. Sendani mlungu umene mukufuna kukazinga. Mukasenda, yalani pa lichero masana kukuwala, ndipo chotsani iliyonse yofwapa, yosweka, yoboola, yosintha mtundu kapena ya ufa wobiriwira. Kusankha ndi manja kumachotsa gawo lalikulu la poizoni, chifukwa iye amaunjikana mu nshawa zochepa zoipazo. Akuluakulu anati nshawa imodzi yoola imalavulitsa zonse. Iwo ankanena za kuwawa m'kamwa, koma choonadi chake chimafika mpaka m'chiwindi. Zochotsedwazo musapatse ana, musasinje, musadyetse ng'ombe ya mkaka pakuti poizoniyu amatulukira mumkaka, ndipo musagulitse motchipa kwa amayi a pamsika. Zikwirireni. Inde, pa thumba lililonse mudzataya ndalama ina. Sitikulonjezani kuti wogula adzakubwezerani yonse. Tikungoti ameneyo ndiye mtengo wa kutcha malonda anu chakudya chopatsa thanzi.

Wina adzati, kodi nshawa si ndiwo za mowa? Kodi si zimene zimagulitsidwa pakhomo pa bala? N'zoona, ndipo pali chifukwa chake. Nshawa za pabala zimathiridwa mchere wambiri, mchere umaitana ludzu, ludzu limaitana botolo lina. Zathu zikhale za mchere wochepa kapena zopanda mchere, zomwe zingathandizenso a BP, amene achuluka m'makomboni. Koposa apo, ife tikuti gulitsani zokazingira m'makoko. Kuswa khoko lililonse kumagwiritsa ntchito zala zimene zinazolowera kugwira kapu, ndipo kapaketi kamene kakanatha m'mphindi ziwiri kamatha theka la ola. Kazingani ndi moto wofatsa, mumchenga woyera ngati mungathe, ndipo kazingani zokwanira mlungu umodzi, chifukwa mafuta a nshawa zokazinga akakhalitsa amanunkha. Ana aang'ono osakwana zaka 5 asapatsidwe nshawa zathunthu kuopa kutsamwa. Iwo awapatse chimponde cha nshawa zosankhidwa.

Kagulitsidwe nako kafuna nzeru. Mowa waukali unalowa m'makomboni chifukwa unagawidwa m'timiyezo timene munthu angagule ndi ndalama yachitsulo. Tiphunzirepo. Kapaketi kathu, ka nshawa zosakaniza ndi nthanga ndi tizidutswa ta mango kapena masau, kasadule kuposa kabotolo kamene kakulowa m'malo mwake, ndipo kapezeke pa ola lomwelo ndi pa njira yomweyo imene munthu amadutsa pochokera kuntchito. Komabe chakudya chokha sichikwanira, pakuti tanena kale kuti munthu kushabini amafunako benchi ndi anzake. Kantemba kokhala ndi benchi, bolodi la nsolo kapena la drafuti, wailesi yoti anthu amvere mpira, ndi chigubu cha munkoyo kapena thobwa wa tsiku lomwelo, kangathe kusunga amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi mpaka nsima itapsa kunyumba. Tikuti wa tsiku lomwelo chifukwa akagona masiku angapo amasasa n'kukhala chimene tikuthawacho. Mabwalo a matchalitchi athu m'makomboni amakhala otseka madzulo ambiri pa mlungu. Akulu a mipingo aganizirepo.

Ndipo popeza ndi Januwale, tisaiwale kolera. Mu 2018 unachititsa kuti malonda a m'misewu aletsedwe, ndipo kuchiyambi kwa 2024 bwalo la masewera la National Heroes linasanduka chipatala, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa. Chakudya chouma chomatidwa m'paketi n'chotetezeka kuposa chogwiridwagwiridwa pa lichero, koma chitetezocho chimadalira manja amene anapakira. Madzi a munkoyo ndi otsukira makapu akhale owiritsa kapena othira klorini. Amene mukufuna kugulitsa mokhazikika pitani ku khonsolo ya mzinda mukafunse za chiphaso cha ogwira zakudya, musadikire kuti akupezeni.

Pali anthu ena amene mwezi wopanda mowa umawapweteka, ndipo si bwino kuwalambalala. Ambiri mwa otcheza kachasu ndi amayi, ena amasiye, amene mphika umenewo ndiwo umalipira lendi ndi kudyetsa ana. Kuwauza kuti asiye popanda kuwaonetsa china n'chimodzimodzi ndi kulanda botolo osaika kanthu m'dzanja. Sitinama kuti phindu la nshawa lingafanane ndi la kachasu, silifanana. Koma mayi ameneyo ali kale ndi mbaula, ali ndi benchi, ali ndi makasitomala amene amamudziwa, ndipo sadzathawanso apolisi. Mlimi amene angamupatse thumba la nshawa zosankhidwa pa ngongole, kuti alipire akagulitsa, wachita chinthu chimene timapepala ta chiphunzitso sitingachite. Si onse adzavomera. Mmodzi pa msewu akavomera, amuna a pamsewupo ali ndi pokhala.

Masamu ake si ovuta. Kadzanja ka nshawa zosenda ndi pafupifupi magalamu 30. Kwa masiku 31 munthu mmodzi afuna pafupifupi kilogalamu imodzi. Pa nshawa za m'makoko, gawo limodzi mwa magawo atatu ndi makoko, ndipo zina mudzataya posankha, choncho pa munthu aliyense patulani makilogalamu awiri a zosasenda. Lima imodzi yosamalidwa bwino ingathe kusunga anthu oposa 100 mwezi wonse. Inu ophunzira a chaka chino, nshawa za m'munda wa sukulu zikadzakumbidwa tidzapatula mizere ina kuti muphunzirepo kuumitsa, kusunga ndi kusankha, ndipo aliyense adzayeza yekha kuti wataya zingati pa thumba. Inu amene muli kuminda yanu ku Chongwe, Petauke, Katete kapena Lundazi, lembani chizindikiro pa matumba awiri kapena atatu mu Juni, ndipo musawatsegule ogula a Ogasiti akabwera ndi ndalama m'manja. Masau ndi malambe muwagule m'nyengo yake, pamene ali otchipa, muwaumitsenso masiku angapo musanawasunge. Neti ndi pulasitiki ya choumitsira zikhale zokonzeka Okutobala asanathe, chifukwa mango oyamba sadikira.